Pa malire a Mwanza, phindu limadziwikira m'kope

Pa malire a Mwanza ntchito imayamba dzuwa lisanatenthe. Mathiraki ochokera ku doko la Beira, ku Harare ndi ku Johannesburg amakhala atandandalika m'mbali mwa msewu wa M6, madalaivala akuthamangitsana ndi maejenti okonza mapepala a katundu. Mabasi a ku Joni amatsitsa zikwama zikuluzikulu zamizeremizere kuti a kasitomu aone za m'kati. Anyamata a kabaza wa njinga zamoto amangoti uku apita uku abwera pakati pa Mwanza ndi Zobue, tauni ya tsidya lina m'chigawo cha Tete ku Mozambique. M'manja mwa anthu mumadutsa makwacha, mametikali, marandi ndi madola.

Njira imeneyi ndi mtsempha wa malonda a dziko lino. Kuchokera ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, msewu umadutsa pa Mwanza n'kulowa ku Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukafika ku Nyamapanda m'malire a Zimbabwe, kenako Harare, Beitbridge mpaka Johannesburg. Ngakhale pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, magalimoto ankadutsabe njira yomweyi mu mdipiti woperekezedwa ndi asilikali. Boma la Mwanza palokha ndi laling'ono, makamaka chichokereni Neno amene anaima payekha mu 2003, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 130,000. Koma katundu wodutsa pano amadyetsa misika ya dziko lonse.

M'chipwirikiti chonsechi muli funso limene limasowetsa tulo ochita geni ambiri. Katundu akuyenda, makasitomala akubwera, ndalama ikulowa tsiku ndi tsiku, koma ulendo uliwonse wokapikula munthu akubwerako ndi katundu wochepa kuposa ulendo watha. Mpamba ukupita kuti? Ena amaloza msonkho, ena kugwa kwa kwacha, ena achibale opemphapempha, enanso amafika poganiza kuti wina akuwatsilika. Zina mwa zifukwazi ndi zoona ndithu. Koma pali chifukwa china chimene chili m'manja mwa mwini geni: kusadziwa mtengo weniweni wa katundu wake, ndi kusalemba mmene ndalama yayendera. Pa malo amene katundu mmodzi amagulidwa ndi randi, kulipiridwa msonkho ndi kwacha, n'kugulitsidwa pa ngongole, mutu wokha sungasunge masamu onsewo. Pamafunika kope ndi cholembera.

Mtengo wa pa lisiti si mtengo wonse

Tiyeni titengere chitsanzo ndi manambala ongoyerekezera, ozungulira bwino kuti masamu aoneke. Amayi ena apita ku Johannesburg kukapikula mabulangete 40, lililonse pa marandi 200. Onse pamodzi ndi marandi 8,000. Tinene kuti randi imodzi anaigula pa K200. Ndiye kuti mabulangetewo awadyera K1,600,000, lililonse K40,000. Atafika kumudzi aika mtengo wa K60,000, mumtima akusangalala kuti pa bulangete lililonse akupeza K20,000.

Tsopano tibwerere m'mbuyo, tiyende nawo ulendo wonse. A basi anawalipiritsa K120,000 ya katundu. Pa Mwanza analipira K360,000 ya misonkho ya katundu wolowa m'dziko. Ejenti ndi anyamata otsitsa ndi kukweza katundu anatenga K40,000. Zitatuzi zikukwana K520,000, ndipo ndi ndalama zimene zamatirira pa mabulangetewo. Tikaziphatikiza ndi ya pa lisiti, tikupeza K2,120,000. Bulangete lililonse lafika pa sitolo pa K53,000, osati K40,000.

Si zokhazo. Tikiti ya amayiwa popita ndi pobwera inali K400,000, ndipo chakudya ndi malo ogona zinatenga K80,000. Akatswiri owerengera ndalama amalemba zimenezi pa tsamba lina, la zowonongera poyendetsa bizinesi, komabe ziyenera kubwezedwa ndi mabulangete omwewo. K480,000 tikaigawa pa 40 ikupereka K12,000. Choncho kuti amayiwa angobweza zimene anatulutsa, bulangete liyenera kugulitsidwa pa K65,000. Pogulitsa pa K60,000 akuluza K5,000 pa lililonse, K200,000 pa ulendo wonse, uku akukhulupirira kuti apanga K800,000.

Mfundo imeneyi si nzeru ya pa msika chabe. Ili m'malamulo a kawerengedwe ka chuma amene makampani a m'Malawi ndi a m'maiko ambiri amatsata. Lamulo lokhudza katundu wogulitsa, lotchedwa IAS 2, limati mtengo wa katundu ndi ndalama yogulira, kuphatikiza msonkho wolowetsera katunduyo m'dziko, misonkho ina imene simungaibwezeredwe, thiransipoti, kunyamula ndi zina zonse zofikitsa katundu pamalo pamene ali, kuchotsapo ndalama imene wogulitsa anakutsitsirani. Kampani yaikulu ya ku Makata ku Blantyre imawerenga motero, ndipo mwini hokala wa ku Thambani ali ndi chifukwa chomwecho chowerengera motero.

Nanga mukakhala kuti m'chikwama muli zinthu zosiyanasiyana, mabulangete, nsapato ndi mafoni? Musagawe ndalama za ulendo mofanana pa chinthu chilichonse. Msonkho ugaweni motsata zimene zalembedwa pa pepala la a kasitomu, chifukwa katundu aliyense ali ndi mlingo wake. Ndalama ya basi igaweni potengera kulemera kapena malo amene katundu watenga: bulangete limadya malo, foni imalowa m'thumba. Mukatero mudzaona kuti katundu wina amene mumamukonda chifukwa amatha msanga ndi amene akudyera mnzake phindu.

Chinanso, lembani mtengo umene munagulira randi kapena metikali tsiku limenelo, osati umene munamva pa wailesi. M'zaka zimene ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki, kusiyana kwa mitengo iwiriyi kwakhala kwakukulu moti kungathe kumeza phindu lonse la ulendo.

Kwacha ikagwa, katundu wa pa shelefu ndi wa mtengo uti?

Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi mlingo wopitirira 30 peresenti. Kwa munthu wa pa malire izi sizikhala nkhani za m'nyuzipepala. Katundu amene dzulo anamupikula pa K100,000, lero akufuna pafupifupi K144,000, ndipo pa shelefu pali katundu wofanana wa mitengo iwiri, wakale ndi watsopano. Akagulitsa chimodzi, awerenge kuti wagulitsa cha mtengo uti?

Tiyerekezenso. Abambo ena ali ndi golosale pa Mwanza boma. Anapikula zigubu 10 za mafuta ophikira pa K60,000 chilichonse. Patapita milungu ingapo anapikulanso zina 10, koma tsopano pa K90,000. Mwezi umenewo agulitsa zigubu 12 pa K100,000 chilichonse, ndipo m'kabati mwalowa K1,200,000. Phindu lawo ndi zingati?

Njira yoyamba imati choyamba kulowa ndicho choyamba kutuluka. M'mabuku imatchedwa FIFO. Potsata njirayi, zigubu 10 zakale zapita pa K600,000, ndi ziwiri zatsopano pa K180,000. Katundu wogulitsidwa wadya K780,000, phindu ndi K420,000, ndipo zigubu 8 zotsala zikuwerengedwa pa K720,000.

Njira yachiwiri ndi ya avareji. Zigubu zonse 20 zinadya K1,500,000, choncho chilichonse ndi K75,000. Zigubu 12 zogulitsidwa ndi K900,000, phindu ndi K300,000, zotsala 8 ndi K600,000.

Palinso njira yachitatu, LIFO, imene imati chomaliza kulowa ndicho choyamba kutuluka. Pamenepo katundu wogulitsidwa ndi K1,020,000, phindu n'kutsika kufika pa K180,000. Ku United States njirayi ndi yololedwa, koma IAS 2 inaichotsa kuyambira mu 2005, motero makampani otsata malamulo amenewa, kuphatikizapo a kuno kwathu, amasankha pakati pa ziwiri zoyambazo. Lamulo limafunanso kuti njira imene mwasankha muziitsata chaka ndi chaka, osamasinthasintha pofuna kuti manambala akome.

Golosale ndi imodzi, zigubu ndi zomwezo, ndalama ya m'kabati ndi yomweyo, koma mayankho atatu. Palibe njira imene ikunama. Iliyonse yangogawa K1,500,000 ija mosiyana pakati pa katundu amene wapita ndi katundu amene watsala. Choopsa chili pa zimene abambowa angachite ndi yankho loyamba lija. Akati apeza K420,000 n'kuitapa yonse kukagula malata, atsala ndi K780,000. Akapita nayo kokapikula, pa mtengo wa K90,000, ibweretsa zigubu 8 zokha m'malo mwa 12 zimene zatuluka. Kubwezeretsa zigubu 12 kukufuna K1,080,000. Ndalama imene angatape popanda kuchepetsa katundu wa m'golosale ndi K120,000 basi.

Apa ndi pamene ambiri amadyera mpamba osadziwa. Pa nthawi imene mitengo ikukwera, phindu la pa pepala limanenepa kuposa phindu lodyeka. Ndiye chifukwa chake m'kope mufunika mizere iwiri. Wina ndi wa mtengo umene munagulira, wowerengera phindu la mwezi ndi za msonkho. Wina ndi wa mtengo umene mukagulire mawa, woikira mitengo ndi wodziwira ndalama imene ingachoke m'bizinesi. Kasitomala akamadandaula kuti mwakweza katundu wakale, akunena zoona kumbali yake, koma wogulitsa amene saganizira za mtengo wa mawa sachedwa kutseka chitseko.

Ngakhale m'kope muzitsata avareji, pa shelefu tulutsani katundu wakale poyamba. Ufa, mafuta, mabisiketi ndi zakumwa zili ndi tsiku lothera ntchito, ndipo katoni yoiwalika pakona ndi ndalama yotayika.

Phunziro la manachesi

Mwanza amadziwika dziko lonse ndi manachesi. M'miyezi yozizira m'mbali mwa msewu mumachita chikasu, madengu ndi milu zitandandalika, basi ikangoima amayi ndi ana n'kuithamangira m'mawindo. Mavenda ochokera ku Blantyre ndi kwina amalowa m'midzi kukapikula, ena mpaka kugula mtengo wonse zipatso zikadali m'mwamba. Katundu ameneyu amaphunzitsa mfundo ina imene bulangete silingaphunzitse msanga: katundu amachepa mtengo ali chikhalire.

Tinene kuti venda wapikula manachesi 1,000 pa K50 limodzi, n'kulipira K10,000 yonyamulira. Watulutsa K60,000, nachesi lililonse K60. Pofika ku Limbe, 200 aphwanyika pansi pa thumba kapena ayamba kuwola. Otsala ndi 800, ndipo K60,000 ija tsopano yasenzedwa ndi iwowo: lililonse K75. Akagulitsa pa K70 poganiza kuti akupeza K10, ndiye kuti akuluza. Munthu wolemba amadziwa, pakatha maulendo angapo, kuti pa 100 alionse angati amawonongeka, ndipo amawerengeratu zimenezo asanagwirizane mtengo ndi mlimi. Mlimi nayenso akamalemba zimene mtengo uliwonse wabereka ndi zimene wagulitsa, sagulitsanso munda wonse mongoponya.

Lamulo la IAS 2 lili ndi mfundo yogwirizana ndi zimenezi. Katundu wotsala awerengedwe pa mtengo wotsika pakati pa iwiri: umene munagulira, kapena umene mungapeze mutamugulitsa lero mutachotsa zolipira pogulitsapo. Nsapato zimene fasho yake yadutsa, zitenje zimene zasuluka ndi dzuwa, foni imene yatsopano yake yatuluka, zonsezi sizilinso pa mtengo wa pa lisiti. Kupitiriza kuziwerenga pa mtengo wakale ndi kudzinamiza kuti muli ndi mpamba umene kulibe. Ndi bwino kulemba kutsikako m'kope, kugulitsa motchipa, ndalama n'kukagwira ntchito pa katundu woyenda.

Ndalama iliyonse ili ndi kochokera ndi kopita

Mu 1494, mumzinda wa malonda wa Venice ku Italy, munasindikizidwa buku la masamu la Luca Pacioli, wansembe wa chipani cha Afransisko. Chigawo china cha bukulo chinafotokoza mmene amalonda a kumeneko ankalembera mabuku awo. Pacioli sanayambitse njirayo, anangoilongosola bwino, koma kuchokera pamenepo inafalikira dziko lonse. Amalonda a ku Venice anali ndi mavuto ofanana ndi a pa Mwanza: ndalama za maiko osiyanasiyana, katundu woyenda maulendo ataliatali, ngongole ndi misonkho ya pa madoko.

Mtima wa njirayi ndi wosavuta. Chilichonse chochitika m'bizinesi chili ndi mbali ziwiri, kumene chachokera ndi kumene chapita, ndipo mbali zonse ziwiri zilembedwe. Mwapikula sopo wa K200,000 ndi ndalama ya m'kabati: katundu wakwera ndi K200,000, ndalama ya m'manja yatsika ndi K200,000. Mwatenga ngongole ya K300,000 ku banki m'khonde: ndalama yakwera, ngongole yanunso yakwera. Mphunzitsi watenga shuga ndi mafuta a K25,000 kuti adzalipire pa malipiro: malonda achitika, koma m'kabati simunalowe kanthu, chimene chakwera ndi ndalama imene anthu akusungirani. Ophunzira za akaunti amatcha mbali ya kumanzere debiti, ya kumanja kirediti, ndipo mbali ziwirizi ziyenera kufanana nthawi zonse. Zikasiyana, pali china chaiwalika kapena chasowa.

Pansi pa zonsezi pali sikelo imodzi: zonse zimene bizinesi ili nazo zimafanana ndi ngongole zake kuphatikiza mpamba wa mwini wake. Ngati katundu, ndalama ya m'kabati, ya pa foni ndi imene anthu akusungirani zikukwana K1,000,000, koma inu muli ndi ngongole ya K400,000, chanu chenicheni ndi K600,000. Sitolo yodzaza si umboni wa chuma ngati theka la katunduyo ndi la ngongole.

Wa geni yaing'ono safunika mabuku akuluakulu. Kope limodzi la hadikava lokhala ndi zigawo zisanu ndi lokwanira. Chigawo choyamba ndi cha ndalama zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse. Chachiwiri ndi cha katundu: tsiku, mtundu, kuchuluka, mtengo wofikira pa sitolo, ndi zimene zatuluka. Chachitatu ndi cha okongola, aliyense tsamba lake. Chachinayi ndi cha ngongole zanu, ndi tsiku lobweza. Chachisanu, chimene ambiri amachizemba, ndi cha zotapa za pakhomo.

Chigawo chachisanuchi ndicho chimaulula zambiri. Paketi ya shuga yopita kunyumba, ndalama ya ndiwo, ya kabaza wa mwana wa sukulu, chopereka cha pa maliro, yunifolomu ya mwana wa achemwali: zonsezi ndi zofunika, ndipo palibe akunena kuti munthu aleke kuthandiza abale. Koma zikatuluka m'kabati osalembedwa, pakutha pa mwezi zimaoneka ngati bizinesi ndiyo yalephera. Njira yabwino ndi yoti mwini geni adziikire malipiro a pa sabata kapena pa mwezi, za pakhomo zonse zizichokera pamenepo. Wachibale akabwera ndi vuto, mumadziwa malire a zimene mungathe popanda kupha chitsime chimene nonse mumamwapo.

Masiku ano ndalama yambiri imadutsa pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo tsidya linalo kuli M-Pesa. Mauthenga a pa foni ndi umboni wabwino, koma si kope. Foni imabedwa, mauthenga amafufutika, ndipo pa nambala imodzi pamasakanikirana ya malonda ndi ya mlamu wa ku Joni. Ndalama ya pa foni ikhale ndi mzere wake m'kope, pamodzi ndi timitengo todula potumiza ndi potapa, chifukwa pa mwezi timeneti timakwana ndalama yooneka.

Tsiku lowerenga katundu

Kamodzi pa mwezi, tsekani msanga, itanani wina wokhulupirika, muwerenge chilichonse chili pa shelefu ndi mosungira katundu. Kuwerengaku ndiko kumatsegula masamu a phindu. Tengani katundu amene munayamba naye mwezi, onjezani amene mwapikula, chotsani amene watsala. Chotsalacho ndi mtengo wa katundu amene watuluka.

Mwachitsanzo, munayamba ndi katundu wa K300,000, mwapikula wa K900,000, watsala wa K400,000. Wotuluka ndi wa K800,000. Ngati malonda onse a mwezi, a kashi ndi a ngongole omwe, akwana K1,050,000, phindu la pa katundu ndi K250,000. Chotsanipo lendi K60,000, malipiro a wothandiza K50,000, chiphaso cha khonsolo K10,000, magetsi K10,000 ndi zodula za pa foni K10,000. Phindu lenileni ndi K110,000. Tsopano tsegulani tsamba la zotapa za pakhomo. Mukapeza K150,000, ndiye kuti mwezi umenewo mpamba wachepa ndi K40,000, ngakhale bizinesi payokha yapindula. Miyezi khumi yotere, K400,000 yapita popanda wakuba.

Kuwerenga kumaonetsanso zimene maso saona. Kope likati payenera kutsala makatoni 15 koma pa shelefu pali 12, funso limabuka mwezi womwewo, osati chaka chitatha. Mwina anaiwalika kulembedwa, mwina anawonongeka, mwina pali dzanja lalitali. Wantchito wokhulupirika amatetezedwanso ndi kope lomwelo, chifukwa sanganamiziridwe popanda umboni.

Mapepala ndi chishango pa geti

Bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000, limawerengera msonkho wa pa malire potengera mtengo wa katundu, ndipo umboni woyamba wa mtengowo ndi lisiti kapena invoisi. Wamalonda wofika pa kauntala ndi malisiti omveka, osanjidwa bwino, amakhala ndi poyambira pokambirana. Wofika chimanjamanja amasiyira ofesala kuti ayerekeze yekha mtengo. Amene analembetsa msonkho wa VAT amatha kuchotsera msonkho umene analipira pogula pa umene atolera pogulitsa, koma pokhapokha ali ndi mapepala ake. Kwa amene sanalembetse, VAT yolipira pa malire ndi gawo la mtengo wa katundu, ndipo iyenera kulowa m'masamu aja a bulangete.

Bungwe la COMESA linakhazikitsa ndondomeko yopepukitsira amalonda ang'onoang'ono odutsa m'malire, yotchedwa Simplified Trade Regime, imene Malawi amaitsata ndi Zambia komanso Zimbabwe. Katundu wa mtengo wochepa, wopangidwa m'maiko amenewa ndipo ali pa mndandanda umene maikowo anagwirizana, amadutsa ndi mapepala osavuta komanso osalipira msonkho wolowetsera katundu, ngakhale misonkho ina monga VAT imakhalapobe. Mozambique ndi South Africa sali mu COMESA, choncho katundu wa ku Tete kapena ku Joni amayendera malamulo ena. Kudziwa kusiyana kumeneku musananyamuke ndi gawo la kuwerengera mtengo, ndipo kufunsa ku ofesi ya pa malire n'kwaulere.

Palibe chifukwa chobisira kuti ena amadutsitsa katundu m'njira zamadulira. Tikaika nkhaniyi pa sikelo ya masamu okhaokha, njira imeneyi ilinso ndi mtengo wake: olondolera njira, onyamula usiku, ziphuphu, ndi tsiku limodzi loipa limene katundu yense amalandidwa, chindapusa pamwamba. Katundu wopanda mapepala simungamuonetse ku banki, simungamugulitse ku kampani kapena ku sukulu yofuna invoisi, ndipo akabedwa mumasowa podandaulira. Bizinesi yotero ikhoza kudyetsa banja kwa kanthawi, koma sikula.

Kope limalankhulanso pofuna ngongole. Kaya ndi ku banki, ku SACCO kapena ku banki m'khonde, wobwereketsa amafuna kudziwa ngati ndalama yake idzabwera. Munthu amene angaonetse malonda a miyezi isanu ndi umodzi, phindu la mwezi ndi mwezi ndi katundu amene ali naye, amamveka mosiyana ndi wongonena pakamwa kuti geni ikuyenda. Koposa apo, kope limamuuza iye mwini ngati ngongoleyo angaikwanitse. Ngati phindu la pa mwezi ndi 10 peresenti ya mpamba, katapila wa chiwongoladzanja cha 30 kapena 50 peresenti pa mwezi ndi msampha woonekeratu.

Luso limeneli lifike pa msika

Dziko lino lili ndi akatswiri a ntchitoyi. Kuli bungwe la Institute of Chartered Accountants in Malawi, limene linabwera ndi lamulo la 2013 loyang'anira owerengera chuma. Kuli sukulu ya Malawi College of Accountancy, kuli maphunziro a zamalonda m'sukulu za sekondale, kulinso bungwe limene ntchito yake ndi kutukula mabizinesi ang'onoang'ono. Vuto ndi lakuti nzeru zambiri zimathera m'maofesi a m'mizinda ndi m'mabuku a Chingerezi, pamene amene amanyamula zikwama pa Mwanza ambiri ndi amayi, ena mwa iwo sukulu inawathera panjira. Amayi amenewa masamu amawadziwa. Amasintha marandi kukhala makwacha m'mutu mofulumira kuposa kalaliki. Chimene akusowa ndi dongosolo lolembera, lofotokozedwa m'chinenero chawo, ndi zitsanzo za katundu amene amagwira tsiku ndi tsiku.

Khonsolo ya Mwanza, mabungwe a amalonda a m'malire, mipingo ndi magulu a banki m'khonde ali kale ndi anthu osonkhana sabata ndi sabata. Ola limodzi pa msonkhano wotere, kope lili m'manja, aliyense akuwerengera mtengo wa ulendo wake womaliza, lingasinthe zambiri kuposa misonkhano ya m'mahotela. Achinyamata amene analemba MSCE ndipo ali pakhomo angathe kuphunzitsidwa kusunga mabuku a masitolo atatu kapena anayi pa malipiro ochepa, iwo n'kupeza ntchito, eni masitolo n'kupeza maso. Mwana wa sekondale amene amathandiza makolo pa hokala Loweruka apatsidwe kope, osati kungopatsidwa chenje.

Wamalonda wa pa Mwanza sangaletse kwacha kugwa, sangatsitse mtengo wa dizilo, ndipo sangasinthe msonkho pa yekha. Chimene angathe ndi kudziwa, asanatchule mtengo kwa kasitomala woyamba, kuti katundu wake wafika pa zingati, akabwezeretsedwa pa zingati, ndi kuti ndalama ingati ingapite kunyumba popanda kukhudza mpamba. Poyambira ndi ulendo wotsatira: lisiti lililonse lilowe mu envulopu imodzi, kuyambira tikiti ya basi mpaka ya mnyamata wa wilibala, ndipo pofika kunyumba masamu achitike katundu asanamasulidwe.